Azakhali ndi Mbira Zosatha Msinkhu

Mwezi wathawu tinavundukula chiliza cha azakhali anga, Anambewe, kumanda a kwathu kwa Maganga. Abusa analankhula zokoma: kuti anali mayi wopemphera, wolimbikira kumunda, wodana ndi miseche. Apo ndinaweramitsa mutu, chifukwa miseche ankaikonda ndithu, ndipo ankaithira mchere wokwanira. Koma chimene chinandipweteka n'chakuti pa onse amene anaimirira kulankhula, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatchula mbira. Ndinatsala pang'ono kufunsa kuti kodi tabwera pamanda a yani. Azakhali opanda mbira ine sindikuwadziwa.

Anali mlongo wawo wa bambo anga, aafupi, a mawu ngati a mwamuna, okonda fodya wa m'mphuno. Ankayenda ndi chisikilo m'thumba la saka kulikonse, ngakhale kumaliro, ndipo anthu akamaimba nyimbo yomaliza iwo amakhala ali kale kudambo akumweta udzu. Ankati mavuto onse a dziko lino anabwera ndi anthu ofulumira. Ukathyola mango osapsa, ukavundukula mphika, ukayamba kukamba za chibwenzi, yankho linali limodzi, lakuti nthawi sinakwane. Ana a m'mudzi anafika powatchula kuti a Sinakwane, ndipo iwo ankavomera.

N'chifukwa chake mutu umandizungulira ndikawakumbukira m'zaka zawo zomaliza, atakhala pakhomo pa khitchini ndi njerwa imodzi pamiyendo, akuitembenuzatembenuza. Munthu amene ankadziwa nthawi ya chilichonse anafika posadziwa kuti njerwa aiike pati. Kuti nkhani ya njerwayo imveke, ndiyambe ndi khitchiniyo.

Inali kanyumba ka zidina, kofolera udzu, kakuda bii ndi mwaye. Mbira zinkakhala m'menemo, tinyama tija ta ubweya topanda mchira, timene anthu ambiri amangotisiya kuseri kwa mafuwa n'kumatiponyera makoko a nthochi. Kwa azakhali sizinali choncho. Pakati pa khitchini anamanga kachipupa ka njerwa kolekeza m'maondo. Mbali ina kunali ntchembere ndi zamphongo. Mbali inayo kunali zazikazi zokhazokha zimene zinali zisanaberekepo, ndipo kumeneko ankakutchula kuti kutsimba, dzina la nyumba imene amalangira atsikana pa chinamwali. Ponena mawuwo sankaseka.

Iwo mbira sankadya. Bambo anga anakangana nawo chaka china pa Khirisimasi, atapempha ziwiri za ndiwo, mpaka anabwerako atatupa ngati chule. Koma mwana wa pamudzi akatuwa, amayi ake n'kubwera kudzadandaula kuti magazi achepa, azakhali ankagwira yamphongo yonenepa, n'kuipepesa kaye asanaipereke. Yaikazi sinatulukepo pakhomo paja, ngakhale upemphe utagwada.

Amene ankaseka zonsezi anali Abiti Yusufu, mnansi wawo wa kuseri kwa mpanda, mayi wachisilamu wogula usipa ndi chambo ku Senga Bay n'kumakagulitsa ku Salima. Awiriwa anakangana zaka zonse zimene ndinawadziwa, ndipo tiyi wa m'mawa ankamwera limodzi.

"Makoswe anu aja agona bwanji?" Abiti ankafunsa pamwamba pa mpanda.

"Agona bwino. Nanga ntchentche zanu zadzuka?"

"Walahi, mayi inu, munthu wamkulu kumangira khoswe chinamwali! Mudzawavinira liti?"

"Nthawi sinakwane."

Abiti ankadziwa pomwe nthabwala iyenera kulekezera, chifukwa analipo pamene Velina ankamwalira. Velina anali mwana mmodzi yekha wa azakhali, msuweni wanga, ndipo mbira zoyamba zinali zake. Anazitenga ku Chinguluwe kwa mnzake wa kusukulu, ziwiri, atazikulunga m'chitenje. Masiku amenewo azakhali anali namkungwi wotchuka, woitanidwa midzi yonse ya m'mbali mwa nyanja. Velina atangotha msinkhu, asanamalize n'komwe pulayimale, kunabwera mwamuna wa boti ndi ukonde wake. Mwambo unkati mwana wakula, ndipo azakhali ankadziwa mwambo kuposa aliyense. Posakhalitsa Velina anamwalira pobereka, iye ndi khanda lomwe. Anamwino anauza azakhali mosabisa kuti mafupa a m'chiuno anali asanakule, njira inachepa. Kuyambira pamenepo azakhali sanalowenso m'tsimba la anthu, ngakhale ankawatumira mithenga chaka ndi chaka.

Kwa kanthawi mbira zija ankangozidyetsa, zikuswana mmene zifunira. Tsiku lina anaona kambira kakakazi, kamene kanali kakuyamwa dzana lomweli, yamphongo ikukathamangitsa kuseri kwa mtsuko. Dzuwa lisanalowe anali atayamba kale kututa njerwa.

Malamulo anaika awiri. Loyamba, ntchembere ikabereka, yamphongo ichoke, idikire monga adikira bambo wa mwana wakhanda. Lachiwiri, lalikululo, mbira yaikazi isaonane ndi yamphongo isanathe msinkhu. Vuto linali kudziwa kuti yatha msinkhu. Namkungwi amadziwa chizindikiro chimodzi chokha, chija mtsikana amathamanga nacho kwa agogo ake akulira. Apa m'pamene ine ndinalowamo, chifukwa ndimachapa ndi kuyala mabedi paloji ina ku Senga Bay. Nsalu zoyera za pabedi zikang'ambika amatigawira, ndipo azakhali ankandichingamira nazo panjira. Ankazidula zidutswa n'kuyala kutsimba. M'mawa ankapita nazo padzuwa, n'kuziyang'ana mbali zonse atatsinzina diso limodzi.

"Elube, maso ako ndi atsopano. Pali chofiira apa?"

"Ndi ndowe chabe, azakhali."

"Ndiye nthawi sinakwane."

Mvula inabwera, mpunga unakololedwa, mvula ina inabweranso. Anamwali a kutsimba ananenepa mpaka kulemera kuposa amayi awo, koma pansalu sipanaoneke kadontho. M'malo mwake mbirazo zinkachita zosamveka. Yofatsa bwinobwino inkangodzuka tsiku lina itapenga: kulira chapakhosi ngati yamphongo, kugwedeza chiuno, kukwera zinzake. Mawa lake bata, ngati sinachitepo kanthu. Pakatha masabata awiri kapena kupitirira pang'ono, yayambanso. Poyamba azakhali anaganiza kuti yopengayo ndi yamphongo imene anaiika kutsimba mosokoneza. Anaigwira n'kuitembenuza, napeza kuti ndi yaikazi ndithu, ndipo njira yake ndi yotseguka. Patapita masiku anaitembenuzanso, napeza njirayo yatsekeka ndi kachikopa, ngati sipanakhalepo khomo.

"Mwana iwe, ndalanga atsikana midzi yonseyi," anandiuza, "koma zotseka ndi kutsegula ngati golosale sindinazionepo."

Anayesa kuzigwirizanitsa ndi mwezi wa kumwamba, koma ina inkapenga mwezi utangooneka kumene, ina uli wathunthu. Anaganizira anthu oipa, nawaza mchere pakhomo. Anasintha komweta udzu. Anakaikira ngakhale fungo la usipa wa Abiti, moti kwa masiku angapo aliyense anamwa tiyi kwake.

Kuseri kwa chipupa ntchembere zinali kukalamba n'kumafa imodziimodzi, ndipo zolowa m'malo panalibe. Azakhali anayamba kuda nkhawa, makamaka chifukwa cha mbira imodzi imene ankaitchula Kamtedza, yoyera, ya khutu limodzi lofiirira. Mtundu umenewo unali wa mbira zija anabwera nazo Velina m'chitenje, ndipo Kamtedza ndiye anatsala nawo yekha. Akanafa wosabereka, za Velina zikanathera pomwepo. Choncho tsiku lina azakhali anagamula kuti mwina mbira zimasamba mobisa, monga akazi aulemu. Anatenga zazikulu zitatu, Kamtedza ali momwemo, naziwolotsa chipupa. Zonse zinatenga bere.

Yoyamba inavutika kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, n'kufa ana ali m'mimba. Yachiwiri chimodzimodzi. Pamenepo ndinakwera kabaza kukaitana a vetenale, bambo wina wofatsa amene ankayendera ng'ombe ndi mbuzi za dera lathu. Sanaseke atamva kuti aitanidwira mbira. Anagwada m'khitchini muja, utsi ukuwatulutsa misozi, namugwira Kamtedza m'chiuno ndi chala, nafunsa kuti bere limeneli ndi lachingati.

"Loyamba," azakhali anayankha monyada. "Ndinamusunga mpaka atakula bwinobwino. Kuno sitikwatitsa makanda."

A vetenale anapempha mpando.

Anafotokoza pang'onopang'ono, ndipo ndiyesa kubwereza mmene ndinamvera. Anati m'thupi la mbira yaikazi muli timadzi totchedwa mahomoni, timene timayendetsa zonsezi. Tina, totchedwa esitirojeni, tikachuluka, njira imatseguka, mbira imasowa mtendere, imakwera zinzake, ndipo ndi nthawi yokhayo imene imalola yamphongo. Kenako timeneto timatsika, n'kukwera tina, pulojesiteroni, tokonzera bere malo. Njira imatsekanso, mbira n'kufatsa. Bere likapanda kubwera, timeneti natonso timatsika, zonse n'kuyambiranso, pafupifupi kawiri pa mwezi.

"Ndiye wina akalowa, wina amatuluka?" azakhali anafunsa.

"Eya, tingatero."

"Sakhalira mphasa imodzi?"

"Kawirikawiri ayi."

"Ndiye ndi upongozi umenewo. Esitirojeni wanuyo ndi a Esita, winayo ndi mkamwini wawo. Mukanangotero poyamba." Anakoka fodya m'mphuno. "Nanga magazi?"

"Mbira sizisamba, mayi. Zimene thupi linakonza zimathera mkati momwemo. Kupenga kuja munkakuona, ndiko kutha msinkhu kwake. Zinatha msinkhu kalekale, zikadali zazing'ono."

Azakhali anayang'ana nsalu zoyera zimene zinali pachingwe panja. Ine ndinayang'ana pansi.

"Chabwino, ndinachedwa kuona," anatero. "Koma kuchedwa kumapha? Chimene chimapha ndi kufulumira. Zimenezo musandiphunzitse, ndikuzidziwa."

"Kwa munthu n'zoona, ndipo pamenepo musasinthe," a vetenale anayankha. "Mtsikana ayenera kudikira mafupa akule. Koma mbira inalengedwa mwina. Ana ake amabadwa aakulu, ali ndi ubweya ndi mano omwe. Ndiye ikayandikira kubereka pamabwera timadzi tinanso, tofewetsa polumikizira mafupa a m'chiuno kuti atseguke. Ikatenga bere loyamba ikadali yanthete, mafupa amamvera, ndipo amazolowera. Ikapitirira theka la chaka isanaberekepo, pamenepo pamayamba kuuma. Timadzi tija tibwera kudzagogoda, koma chitseko chachita dzimbiri."

"Nanga Kamtedza?"

"Pofika lero chala changa chinayenera kulowa pakati pa mafupa ake. Sichikulowa."

Anati kung'amba mimba kumafuna zida ndi mankhwala ogonetsa zimene iwo analibe, ndipo kanyama kotere nthawi zambiri sikadzuka. Pofuna kuwatonthoza, anawayamikira pa lamulo loyamba lija. Anati pochotsa yamphongo ntchembere ikabereka anachita bwino kwambiri, chifukwa mbira imatha kutenga bere lina tsiku lomwelo imene yaberekera, n'kutha mphamvu. Chitonthozo chimenecho chinangowonjezera chisokonezo.

"Ndiye mwambo womwewo, apa walondola, apa wapha," azakhali anatero. "Mwana wanga anafa chifukwa ndinafulumira. Izi zikufa chifukwa ndinachedwa. Bambo inu mwaphunzira, tandiuzani, nthawi yakeyo ili pati?"

A vetenale anangonyamuka n'kutsazika, ndipo ine sindiwaimba mlandu.

Kamtedza anayamba kuvutika tsiku la msika m'mawa. Azakhali anamuika pamiyendo, pansalu yoyera, akumusisita ndi madzi ofunda ndi kumuimbira chapansipansi nyimbo imene sindinaimvenso chimwalirire Velina. Abiti Yusufu ankadutsa ndi beseni la chambo pamutu. Anasuzumira pakhomo kuti anene za makoswe, koma anangotula beseni n'kukhala pansi. Dzuwa lili paliwombo Kamtedza anatambasula miyendo n'kuleka kupuma. Pansalu panali magazi tsopano, amene azakhali anawafunafuna m'mawa uliwonse.

"Mimba ikugwedezeka," Abiti anatero. "Bweretsani kuno."

"Musamukhudze."

"Uyu wapita kale, Anambewe. Ali mkatiwo sanapite. Bweretsani!"

Abiti anasolola kampeni kawo kotumbulira nsomba, nati Bisimilahi, nang'amba kamodzi. Munali tiana tiwiri. Kena kanali katafa kale. Kotsalako anakapukuta kumphuno ndi nsonga ya mpango wawo, nakauzira mpweya, mpaka kanayetsemula. Kanali koyera, khutu limodzi lofiirira. Abiti anakatembenuza.

"Kakakazi," anatero. "Mwaonatu, mwanditayitsa msika chifukwa cha khoswe." Koma misozi inali ikutsika.

Kanaleredwa ndi ntchembere ina yoyamwitsa, ndipo posakhalitsa kanayamba kudya kholowa. Azakhali sanakapatse dzina. Katasiya kuyamwa anakaika kutsimba mwachizolowezi, ndipo apa mutu wawo unaima. A vetenale anali atanena kuti kakalemerako pang'ono, pakatha miyezi ingapo chabe, kapite kwa yamphongo, apo ayi kadzafa ngati mayi wake. Koma kanali kakadali kokwana m'manja awiri okha. Tsiku lina ndinawapeza atakanyamula, ataima pachipupa, iko kakulira chapakhosi.

"A Esita afika," anandiuza. "Elube, taona msinkhu wake. Velina analinso chonchi."

"Koma uyu si Velina, azakhali."

"Ndikudziwa! Ukuyesa ndapenga? Mutu ukudziwa. Manjawa ndi amene sakudziwa."

Anakabwezera kutsimba. Anatuluka, nazungulira nyumba, nabweranso. Kenako anagwada, nayamba kugwedeza njerwa imodzi ya m'munsi mwa chipupa mpaka inazuka, n'kusiya kabowo kokwana mbira. Anatuluka nayo njerwayo osacheuka.

"Ine sindinapereke mwana wa munthu," anatero ali panja. "Akapita, wapita yekha."

Kanapita. Nthawi itakwana kanabereka tiana tiwiri mosavuta, azakhali ali kudambo, moti pobwera anangopeza tianato tikuthamanga kale. Ndinkayesa kuti alulutira. Anangotula udzu, nakhala pakhomo akuyang'ana, kenako anafunsa, osati ine, kuti kodi Mulungu anaika mawotchi angati m'dziko limodzi. Ndinawamvera chisoni kwambiri tsiku limenelo, kuposa tsiku limene Kamtedza anafa.

Chipupa sanachigumule, ndipo bowo sanalisiye lotseguka. Kakakazi katsopano kakasiya kuyamwa, ankabwezera njerwa. A Esita akafika, ankaizula. Masiku ena ankaibwezera m'mawa, masana n'kuizula, madzulo n'kuibwezeranso, akung'ung'udza okha. Mawu aja akuti nthawi sinakwane anasiya kuwanena pa mango ndi pa mphika. Ukawafunsa ngati mpunga wapsa, ankakuuza kuti ulawe wekha. Pa atsikana pokha sanagwedezeke. Akangomva kuti kwinakwake akufuna kukwatitsa mwana wa sukulu, ankapita ndi thumba lawo la saka, n'kuima pabwalo, n'kutchula dzina la Velina mokweza mpaka ankhoswe atachita manyazi. Abiti ankawaperekeza, ati kuti akawagwire asamenye munthu.

Anamwalira mwadzidzidzi, ali kudambo, chisikilo chili m'manja.

Titachoka kumanda tsiku la chiliza lija, ndinapatuka ndekha kukaona khitchini. Mbira zinagawidwa maliro atatha. Za khutu lofiirira anatenga Abiti Yusufu, amene sadya mbira ndipo mpaka lero amazitchula makoswe. Denga lagwa mbali imodzi, ndipo dzuwa likulowa mpaka pamafuwa. Fungo la udzu ndi mkodzo wa mbira latha, kwatsala la phulusa lonyowa. Pachingwe pakadali kachidutswa ka nsalu ya kuloji, kotuwa ndi fumbi. Chipupa chili chilili, ndipo kutsimba kwamera bonongwe.

Njerwa ija ili pabowo pake, yosalala m'mbali ndi manja awo. Theka lili mkati, theka lili kunja. Ndinagwada nthawi yaitali ndikuiyang'ana, koma sindinathe kudziwa ngati m'mawa wa tsiku limene anamwalira ankailowetsa kapena ankaitulutsa. Ndinaisiya momwemo.